Za Kulira kwa Malata m'Galimoto

 Nkhani yathu ya lero ndi yaing'ono m'maonekedwe, yoti munthu waliwiro angathe kuipeputsa. Koma popeza ikukhudza makutu a anthu, matumba awo, ndiponso nthawi zina miyoyo yawo imene, taona kuti n'koyenera kuikhalira pansi ndi kuisanthula mofatsa. Tikunena za phokoso la m'galimoto, kugwedera kwa zitseko ndi kulira kwa malata, pamodzi ndi zipangizo zimene anthu amamata m'kati mwa galimoto pofuna kuti phokosolo lileke ndi kuti nyimbo zimveke bwino.

Mzinda wathu uno wa Zomba, umene udali likulu la dziko kuyambira m'masiku a atsamunda kufikira chaka cha 1975 pamene boma lidasamukira ku Lilongwe, uli ndi misewu ya mitundu yonse yoyesera galimoto. Ulipo msewu waukulu wa M3 wochokera ku Blantyre, wodzera pa Namadzi ndi pa Thondwe, wopitirira ku Domasi ndi ku Liwonde, pamene galimoto imathamanga matayala ali kung'ung'udza. Ilipo misewu ya fumbi yotsikira ku chigwa cha nyanja ya Chilwa, imene imagwedeza munthu mpaka mano kugundana. Ndipo ulipo msewu wokhotakhota wokwera kuphiri la Zomba mpaka pa Ku Chawe, ndi kupitirira apo njira za miyala zopita ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View, pamalo paja padaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965 kuyang'ana chigwa. Tsono magalimoto oyenda m'misewu imeneyi, ma Sienta, ma Probox ndi maminibasi a HiAce, ambiri adapangidwira ku Japan, nakalambira pa misewu yosalala ya kumeneko, nawoloka nyanja kudzatsikira pa doko la Dar es Salaam, nalowa muno kudzera pa chipata cha Songwe ali kale ndi zaka zambiri kumsana. Timapulasitiki togwira zikuto za m'kati tidauma kalekale, mphira wa m'mphepete mwa zitseko udalimba, ndipo chimene chidakhala chete zaka zonsezo kutsidya la nyanja, msewu wa kwathu umachimasula m'dzinja limodzi.

Taonani tsono chimene mnyamata amachita akaipeza galimoto yotere. Asanasuzumire n'komwe pansi pake, amathamangira kukagula ampulifaya ndi chisipika chachikulu cha m'bokosi, nachiika m'buti, nakweza mawu kufikira nambala puleti ya kumbuyo ichita kuvina. Ndipo iye ali m'katimo amayesa kuti tauni yonse ikusirira nyimbo yake, pamene ife oima m'mbali mwa msewu pafupi ndi msika sitikumva nyimbo konse, koma malata okha, pakapakapaka, kufikira atakhota. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sitikumnyoza mnyamatayo ayi, pakuti kukonda nyimbo si tchimo, ndipo ulendo wautali wopanda nyimbo umalemetsa mtima. Chimene tikunena n'chakuti ntchito yake waiyambira kumapeto. Phokoso la m'galimoto silili la mtundu umodzi. Lilipo phokoso lachabe, longotopetsa mutu, limene n'koyenera kulitseka pakamwa. Ndipo lilipo phokoso lina limene ndi mthenga, lodza kudzachenjeza mwini galimoto kuti chitsulo china chatsala pang'ono kumtaya, kotero kuti munthu wotseka pakamwa zonse ziwiri asanazisiyanitse, ameneyo wadzichimwira yekha pamodzi ndi onse amene adzawanyamule.

Tiyambe ndi phokoso lachabelo. Aliyense amene adaonapo woimba ng'oma akukonzekera gule adziwa kuti chikopa chikamalira mopyapyala, mwini wake amatenga phula nalimata, osati ponseponse ayi, koma pakati pokha pamene chikopa chimanjenjemera kwambiri, ndipo pomwepo mawu a ng'omayo amasandulika. Chitseko cha galimoto nacho ndi ng'oma ndithu: lata lake la kunja ndi lopyapyala, losafika ndi milimita imodzi yomwe, lotambasulidwa pa felemu, ndipo injini ikalira, tayala likagunda mwala, kapena sipika ikakankha mpweya, latalo limanjenjemera ndi kuimba nyimbo yakeyake pamwamba pa nyimbo imene mwini galimoto adafuna kumva. Kusiyana kwake n'kwakuti woimba ng'oma amafuna kuti chikopa chilankhule mawu akuya, pamene ife tifuna kuti lata likhale chete. N'chifukwa chake amisiri a kunja adapanga mapepala okhuthala ngati mamilimita 2, a mphira wofewa wotchedwa butyl, okutidwa ndi aluminiyamu kumwamba kwake. Lata likapindika, mphirawo, umene wapanikizika pakati pa lata ndi aluminiyamu, umasisitika m'kati mwake, ndipo mphamvu imene ikadasanduka phokoso imasanduka kutentha kochepa kosamveka ndi dzanja lomwe. Dzina lodziwika kwambiri pa malonda amenewa ndi Dynamat, la ku America, ngakhale alipo mapepala ena ambiri a mtundu womwewo otsika mtengo, amene ena amaitanitsa kudzera mwa abale awo a ku Joni. Ndipo apa pali uthenga wabwino kwa a m'thumba mochepa: sikofunika kuphimba chitseko chonse. Kumata gawo limodzi mwa magawo anayi a lata, kapena theka pochulukitsa, pakati pa malo osalala, kumachotsa kulira kochuluka. Zotsalazo n'kungolemeretsa wogulitsa ndi kulemetsa galimoto, pakuti pepala lotere la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi limalemera makilogalamu oposa 3.

Tiyeni tiime pambali pa mmisiri wodziwa ntchito yake, wa m'magalaja a pansi pa mtengo amene sasowa m'tauni muno, tione m'mene amachitira. Poyamba amamasula timasikuluwu tobisika kuseri kwa chogwirira, kenaka amalowetsa kachitsulo kokulungidwa m'kansalu m'mphepete mwa chikuto, nachikanula pang'onopang'ono, timapulasitiki tili kuthothoka kamodzikamodzi, tho, tho, tho. Ndipo tothyoka amatiika padera kuti akapeze tina, podziwa kuti kapulasitiki kamodzi kosowa lero ndiko kadzabale kugwedera kwa mawa. Kuseri kwa chikutocho amapeza pepala la pulasitiki lomatidwa ndi ulimbo wakuda, lotchinga madzi kuti asalowe m'kati, ndipo amalimatula mosamala osaling'amba. Fumbi lofiira limene launjikana m'menemo amalipukuta ndi nsalu yonyowa, nadikira kuti paume, napukutanso ndi sipiriti, chifukwa pepala lomatidwa pa fumbi limagwira fumbilo osati chitsulo, ndipo mwezi usanathe lidzapezeka litagwera pansi pa chitseko. Atatero amapinda chala nagogoda lata, khutu lili pafupi: pamene palira ngwee, mawu n'kumapitirira okha, amalembapo ndi choko, pamene palira du, pafupi ndi mipindiro ndi zitsulo zolimbitsa, amangodutsa. Amadula zidutswa za msinkhu wa chikhatho, nalowetsa mkono pa zibowo za lata la m'kati, namata pa lata la kunja, natsindira ndi chigwiriro cha sikuludiraiva uku ndi uku kufikira pasatsale thumba la mpweya, ali wochenjera ndi m'mphepete mwa aluminiyamu mmene mumacheka zala mosachenjeza. Akagogodanso paja padalira ngwee, pamayankha du. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chitseko chimodzi chimatha kudya m'mawa wonse, ndipo mwini galimoto wofulumizitsa mmisiri akudzibera yekha.

Pali chinthu china chimene okonda nyimbo ayenera kuchimvetsa, chifukwa chikhoza kuwapulumutsira ndalama za ampulifaya. Sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, nthawi yomweyo imaukoka kumbuyo. Ndipo mawu a kumbuyowo akapeza njira pa zibowo zazikulu za lata la m'kati nakumana ndi a kutsogolo, amafafanizana, makamaka mawu akuya aja amene achinyamata amawafunafuna. Mmisiri akatseka zibowo zimenezo, namanga sipika zolimba pa mphete yake, kasipika komwe kaja kadabwera ndi galimoto kamayamba kulankhula mawu amene mwini wake sadadziwe kuti kali nawo. Koma ndapota nanu, zibowo zing'onozing'ono za pansi penipeni pa chitseko musazitseke. Mvula ya kuno kwathu, makamaka ya kuphiri, si yamasewera. Madzi amatsika ndi galasi kulowa m'chitseko nthawi zonse, ndipo opanga galimoto adawasiyira timakhwawa totulukira. Madzi saiwala khwawa: mukawatsekera njira yawo adzakhazikika m'menemo, dzimbiri lidzadya chitseko kuchokera m'kati, ndipo tsiku lina mudzaona utoto ukutupa kunja mutachedwa kale.

Safunsa adadya phula. Popeza mapepala a butyl ndi odula ndipo sapezeka paliponse, ena amapita ku sitolo ya zomangira nyumba nagula tepi ija ya phula yomatira denga lodontha, poona kuti nayonso ndi yakuda pansi ndi yonyezimira pamwamba. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, pamene chiperoni chakuta phiri, imaoneka ngati yathandiza. Koma Okutobala akafika, galimoto n'kuima padzuwa tsiku lathunthu, kaya pa depoti kaya ku Liwonde kumene kutentha sikuchitira munthu chifundo, lata limapsa koti dzanja silingakhalepo, phulalo limafewa ndi kutsetsereka, limamatirira zitsulo zokwezera galasi, ndipo fungo lake limadzaza m'galimoto kufikira ana ayamba kudandaula mutu. Ena amang'amba matiresi akale nalonga siponji m'zitseko. Siponji yotere imamwa madzi ndi kuwasunga, kotero kuti chitseko chimawola ndipo galimoto imanunkha nkhungu dzinja lonse. Siponji yoyenera ndi ija yolimba, yosamwa madzi, imene mukaiviika n'kuifinya simutuluka kanthu. Ndipo malo ake ndi kuseri kwa chikuto, pakati pa pulasitiki ndi chitsulo, osati m'kati monyowa.

Pamenepa tiyenera kupereka ulemu kwa amene auyenera. Mukakwera minibasi yopita ku Limbe, yang'anani pa galasi la m'mbali kapena pamene dashibodi yakumana ndi galasi la kutsogolo: kawirikawiri mudzaona kachidutswa ka katoni kopindidwa kanayi, kodetsedwa ndi zala, kokhomeredwa mu mpata. Ophunzira amakaseka, koma kondakitala amene adakaikapo adazindikira chimene mabuku a amisiri amaphunzitsa, chakuti kugwedera kochuluka sikuchokera m'lata lonjenjemera ayi, koma m'zinthu ziwiri zolimba zimene zikugundana, ndipo mankhwala ake ndi kuzimanga zolimba kapena kuika chofewa pakati pake. Cholakwika cha katoni n'chakuti imanyowa ndi kuphwanyika. Nzeru yake yokhayo ndi yoona. Kachidutswa ka chubu chakale cha tayala kuseri kwa nambala puleti, kansalu kokulunga timitengo tachitsulo ta loko m'kati mwa chitseko, tepi yomanga mawaya olendewera, bawuti yomangidwa bwino pa tayala la sipeya, jeke ndi masipanala zokulungidwa m'chiguduli m'malo mongoponyedwa m'buti, zimenezi sizifuna ndalama yoti munthu n'kukakongola, komabe zimachotsa phokoso loposa limene mapepala odula angachotse. Maminibasi ambiri adabwera ngati magalimoto a katundu, opanda kanthu m'kati, ndipo mipando yake idawotcheredwa konkuno. Mpando umodzi wa bawuti yomasuka umasokosa kuposa malata onse. Ife tikadakhala ndi galimoto yogwedera ndi ndalama zochepa, tikadayambira pamenepa.

Za kung'ung'udza kwa matayala ndi kubangula kwa injini sitinenapo zambiri, chifukwa mankhwala ake ndi a anthu ochepa. Phokoso limeneli limadza ndi mpweya, ndipo mapepala a butyl saliletsa kwenikweni. Chimene chimalitchinga ndi chinsalu cholemera cha pulasitiki, cha makilogalamu ngati 5 pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, choyalidwa pansi ponse popanda mpata, ndipo lamulo lake n'lakuti kulemera kukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo ngati 6 okha. Kwa munthu wa Sienta amene amawerenga dontho lililonse la mafuta pakati pa Zomba ndi Blantyre, kunyamula katundu wotere tsiku ndi tsiku, wosalipira ndi tambala yomwe, si nzeru.

Koma makutu ndiwo tisawaiwale. Dalaivala wa galimoto yophokosera amakweza wailesi kuti ipose malata, ndipo malata akamva wailesi amalira koposa, iye nakwezanso, ndipo amakhala m'chipwirikiti chimenecho kuyambira tambala woyamba mpaka usiku. Akatswiri a za makutu amati phokoso la madesibelo 85 munthu asakhalemo kupyola maola 8 pa tsiku, ndipo likakwera ndi madesibelo 3 okha nthawiyo imadulidwa pakati. Bungwe la WHO lidachenjeza mu 2015 kuti achinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lapansi ali pa chiopsezo cha kugontha chifukwa cha kamvedwe kawo ka nyimbo. Khutu likafa ndi phokoso silidzukanso, ndipo silitsanzika pochoka. Munthu amangozindikira atayamba kufunsa mkazi wake kawirikawiri kuti, mwati chiyani amayi? Phindu lenileni la galimoto yachete silili m'kukweza mawu, koma m'kutha kumva nyimbo yonse wailesi ili pansi.

Tsopano tifike pa phokoso lija tidati ndi mthenga, pakuti ndilo mutu wa nkhani yonseyi. Musanamate kanthu kalikonse, musanagule sipika kapena pepala, sankhani msewu wa fumbi wopanda mtsetse, tengani mnzanu wa makutu akuthwa, tsitsani katundu yense, zimitsani wailesi, inde ngakhale ino imene mukutimverayi, ndipo yendani pang'onopang'ono. Mnzanuyo azigwira ndi dzanja chinthu chimodzichimodzi, chikuto, galasi, mpando, kabati ya pa dashibodi. Phokoso likaleka pamene dzanja lagwira, limenelo ndi lachabe, lithetseni monga tanenera. Koma mukamva kugogoda kolemera kochokera pansi, gu, gu, tayala likalowa m'dzenje kapena mukaponda buleki, kumene dzanja la munthu wa m'kati silingakuletse, dziwani kuti mwina ndi mabushi otha, mashoko ofooka, kapena ball joint ndi tie rod end, zitsulo zimene zimagwira tayala ndi kulimvetsa chiwongolero. Mukamva kutheka, the, the, the, pokhota, ndi CV joint imene ikutha. Kulira kosalekeza kokula ndi liwiro kungakhale beringi ya tayala. Kukwecha kwa chitsulo pa chitsulo poima ndi mabuleki amene adyeka mpaka pa fupa. Ndipo ekizozi yobowoka, kuwonjezera pa phokoso lake, imalowetsa m'galimoto mpweya wakupha wopanda fungo, umene umagonetsa dalaivala ali pa chiwongolero. Mawu onsewa si oti munthu awakwirire ndi mphira kapena kuwamiza m'nyimbo.

Lingalirani za msewu wotsika kuphiri, phiri limene nsonga yake ipyola mamita 2,000, mmene umakhotera pakhota pamwamba pa pakhota, phompho lili mbali imodzi ndi thanthwe mbali inayo. Lingalirani za malole a matabwa otsika mwaulemu wake, za abambo okankha njinga zosenza nkhuni zopyola mitu yawo, za ana ogulitsa sitiroberi amene amathamangira galimoto ndi timbale m'manja, ndi za nkhungu imene imatha kutseka maso mwadzidzidzi, munthu n'kutsala ndi makutu okha. Pa msewu wotere tie rod end ikaduka, tayala limaleka kumvera chiwongolero ndipo galimoto imapita kumene yafuna. Chitsulo chimenecho kawirikawiri sichiduka mwakachetechete. Chimadandaula masabata ambiri chisanaleke, ndipo amene sadachimve ndi uja adachiphimba ndi nyimbo. Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. N'chifukwa chake ife tikuti dongosolo lake likhale ili ndipo lisatembenuzidwe: za pansi pa galimoto poyamba, zomasuka za m'kati pambuyo pake, kenaka malata, ndipo sipika ndi ampulifaya potsiriza penipeni, ndipo pomanga ampulifayayo, waya wake wochokera ku batire ukhale ndi fyuzi pafupi ndi batire pomwepo, kuti ukadzakhuzika pa chitsulo galimoto isadzapse ndi eni ake ali m'kati.

Inu eni magalimoto onyamula anthu, amene mumalandira ndalama madzulo osakweramo, dalaivala wanu akadza nati, bwana, kutsogoloku kukugogoda, musamuyankhe kuti akweze wailesi. Ndipo inu achimwene amene mwamva kugogoda koteroko sabata ino, musadikire kuti mwezi uthe; pitani nayo galimotoyo kwa makaniko mawa m'mawa, aikweze pa jeke, agwedeze tayala lililonse ndi manja ake inu mukuona, ndipo musakwere nayo kuphiri kufikira atakuuzani chimene chikulira.